Kuchokera ku thangata kufika ku tenda: mbiri ya ntchito za chitukuko kummwera kwa Lilongwe

Aliyense woyenda mumsewu wochokera ku Likuni kulowera ku Malingunde, kapena wa ku Bunda wopita ku Mitundu, anazolowera kuona zikwangwani zimene amazika pamalo pamene pakumangidwa chinthu cha boma. Pachikwangwanipo amalemba dzina la ntchitoyo, thumba limene ndalama zikuchokera, dzina la kontilakita ndi miyezi imene ntchito itenge. Zina mwa zikwangwanizi zimazulidwa ntchito ikatha bwino. Zina zimafwifwa ndi dzuwa mpaka zilembo kufufutika, mdadada wa sukulu uli chiimire pa lintala, ana akuphunzirabe pansi pa mtengo. Timadutsa pamalo otere tsiku ndi tsiku, ndipo kawirikawiri timangopukusa mutu. Komatu pali mafunso awiri amene chikwangwani sichiyankha: ndani anasankha munthu ameneyu kuti amange, nanga ndani adzavomereze kuti ntchito yatha ndipo alipidwe? Mafunso awiriwa ali ndi mbiri yaitali m'dera lathu lino, ndipo mayankho ake akhala akusintha m'bado ndi m'bado.

Atsamunda atakhazikitsa boma pa Lilongwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, nthawi yomwe ansembe a White Fathers ankatsegula mishoni ya Likuni mu 1903, nkhani yogula ntchito inalibe malo kwenikweni, pakuti ntchito inkalamulidwa. Chida chachikulu chinali msonkho wa nyumba. Kuyambira mu 1901 msonkhowo unali masheleni 6, koma munthu amene wagwirira Mzungu ntchito mwezi wathunthu ankalipira masheleni 3 okha. Lamulo la 1912 linaika mafumu pansi pa bwanamkubwa ndi kuwapatsa udindo wothandiza kutolera msonkho ndi kusunga bata, ndipo mesenjala akafika ndi uthenga woti msewu ulambulidwe, nyakwawa inkatulutsa anthu ake ndi makasu awo. Katundu wa boma ankayenda pamitu ya amtengatenga, ndipo pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 amuna miyandamiyanda anatengedwa kukasenza katundu wa asilikali, ambiri osabwerako. Mawu akuti thangata, amene kwa makolo athu ankatanthauza kuthandizana pantchito pakati pa anansi, anasanduka dzina la ntchito yokakamiza. Minda ya Azungu ya m'chigawo cha kummwera ndiyo inatchuka nayo mpaka pamene inathetsedwa mu 1962, koma kuwawa kwa mawuwa kunafika ponseponse. Mpaka lero, munthu akaitanidwa kukagwira ntchito ya chitukuko popanda kufunsidwa maganizo, amadandaula kuti ndi thangata.

Chimene chinabweretsa misewu yeniyeni kuno kwathu ndi fodya. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, A.F. Barron wa ku Mbabzi ndi anzake anafalitsa ulimi wa fodya wochiza ndi utsi pakati pa alimi a ku Lilongwe, ndipo mu 1926 boma linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board loyang'anira ulimiwo ndi misika yake. Fodya anafuna malole, malole anafuna misewu ndi milatho. Misewu ikuluikulu inali m'manja mwa nthambi ya boma ya zomangamanga imene anthu ankangoitchula kuti PWD. Nthambiyi inkalemba yokha antchito, kuwaika pansi pa kapitawo, ndi kugwira ntchito ndi zida zake. Womanga anali boma, woyendera ntchito anali boma, wolipira analinso boma lomwelo.

Muzu wa khonsolo imene tili nayo lero unamera m'malamulo awiri. La 1933 linapatsa mafumu akuluakulu mphamvu zoyendetsa madera awo ndi mabwalo a milandu, ndipo pambuyo pake anakhala ndi timatumba tawo ta ndalama. La 1953 linakhazikitsa makhonsolo a maboma, amene anapatsidwa misewu ing'onoing'ono, misika ndi gawo la ntchito ya sukulu za pulayimale. Koma mtengo umenewu sunakule. Dziko litalandira ufulu mu 1964, mphamvu zinabwerera kulikulu. Mu 1965 anakhazikitsa makomiti a chitukuko a m'maboma otsogozedwa ndi bwanamkubwa, ndipo makhonsolo anatsala ndi ndalama zochepa ndi mawu ochepa.

Ngakhale zinali choncho, zaka zimenezo ndi zimene dera lathu linaona zomangamanga zambiri koposa kale lonse. Damu loyamba la Kamuzu ku Malingunde linamangidwa mu 1966, ndipo sukulu ya zaulimi ya Bunda inatsegulidwa m'nyengo yomweyo. Mu 1968 inayamba pulogalamu ya Lilongwe Land Development Programme ndi ngongole ya World Bank, imene inagawa dera la kumadzulo ndi kummwera kwa Lilongwe m'mayuniti, nilambula misewu, kukumba mijigo, kumanga misika ya zokolola ndi nyumba za alangizi, ndi kulemba malo a mabanja m'kaundula. Chaka chomwecho linakhazikitsidwa bungwe la Capital City Development Corporation kuti limange likulu latsopano, poyambira pa ngongole ya marandi 8 miliyoni yochokera ku South Africa, ndipo likululo linasamuka ku Zomba mu 1975. Makontilakiti akuluakulu ankadutsa ku Central Tender Board, bungwe limodzi la dziko lonse, ndipo ankapita kumakampani okhala ndi makina. Mwana wa ku Nathenje kapena ku Mitundu ankalowamo ngati wokandya matope, wonyamula njerwa, kapena, akachita mwayi, ngati wophunzira umisiri pambali pa mmisiri wamkulu. Amisiri ambiri achikulire amene tili nawo m'midzi anaphunzira kugwira chipande ndi levulo pantchito zimenezo.

Kumudzi, ntchito zing'onozing'ono zinkagwiridwa modzithandiza, makamaka pa Sabata ya Achinyamata, pamene ana a sukulu, apayoniya ndi makolo ankakonza misewu, kuika milatho ya mitengo ndi kuumba njerwa. Akuluakulu ambiri amaikumbukira nthawi imeneyo ndi chisangalalo, ndipo amanena zoona akamati nyumba zina za nthawiyo zidakali chiimire. Koma tisaiwale kuti panalibe amene akanaimirira pamsonkhano ndi kufunsa kuti simenti yagulidwa kwa yani, pamtengo wanji. Funso lotere likanamutengera munthu kutali.

Kusintha kwakukulu kunabwera ndi ndale za zipani zambiri. Boma la Bakili Muluzi litalengeza mu 1994 kuti sukulu ya pulayimale ndi yaulere, chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Makalasi anachepa moti ana ankadzaza pansi pa mikuyu ndi m'nyumba zopemphereramo. Pofuna kuthana ndi vutoli pamodzi ndi umphawi wa kumudzi, boma linakhazikitsa thumba la MASAF mu 1995, ndipo mu 1996 World Bank inabwereketsa madola 56 miliyoni a gawo loyamba.

Apa tiyenera kuimapo pang'ono, chifukwa njira ya MASAF inali yachilendo m'mbiri yonse imene tafotokozayi. Anthu a m'dera ankagwirizana okha chimene akufuna, kaya ndi mdadada wa sukulu, nyumba ya mphunzitsi, mjigo kapena mlatho. Ankasankha komiti pamsonkhano wa onse, amayi ali momwemo. Komitiyo inkatsegula akaunti kubanki, ndipo anthu a m'mudzi omwewo, ena osafika ndi Sitandade 8 yomwe, ndiwo ankasaina macheke. Ndalama zinkabwera m'zigawo, ndipo chigawo chotsatira sichinkatuluka mpaka komiti itapereka malisiti a chigawo chapitacho. Mudzi unkaumba ndi kuotcha njerwa, kututa mchenga ndi kuswa miyala; thumba linkalipira simenti, malata, matabwa ndi mmisiri. Mmisiriyo komiti inkamusankha yokha, ndipo kawirikawiri anali munthu wodziwika, woti nyumba zimene anamangapo kale aliyense akhoza kupita kukaziona. Msungichuma ankadziwa kuti matumba a simenti alowa angati m'chipinda chosungiramo, ndipo atuluka angati. Kwa nthawi yoyamba, mayankho a mafunso athu awiri aja anali m'mudzi momwemo.

Sitikunena kuti zonse zinali bwino. Makomiti ena ananyengedwa ndi eni masitolo a zipangizo, ena anagawana simenti, ndipo midadada ina inang'aluka isanathe zaka khumi chifukwa panalibe katswiri woyendera ntchito pafupipafupi. Kuotcha njerwa kunamalizanso mitengo yambiri, ndipo nkhalango ya Dzalanyama inalawa nawo mavutowo. Koma kuba kwa m'komiti kunali kuba kwa pamaso pa anthu, ndipo wakubayo ankakumana ndi eni katundu pamaliro, pamsika ndi pachitsime. Tiyerekeze ndi zimene zinkachitika nthawi yomweyo kulikulu: mu 2000 komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za kagwiritsidwe ntchito ka chuma cha boma inaulula kuti K187 miliyoni inalipidwa kudzera ku unduna wa maphunziro kwa makontilakita a midadada ya sukulu imene ina sinathe, ina sinayambidwe n'komwe. Mapepala onse analipo, osainidwa bwinobwino kuti ntchito yagwiridwa. Chimene chinasowa ndi makalasi.

Manyazi a nkhani imeneyo ndi ena mwa amene anafulumizitsa malamulo atsopano. Ena anali atabwera kale: lamulo lothana ndi ziphuphu la 1995 limene linabala bungwe la ACB, lamulo la 1996 limene linakhazikitsa NCIC yolembetsa makontilakita m'magulu molingana ndi kukula kwa ntchito imene angathe, ndi lamulo la maboma ang'ono la 1998 limene linabwera ndi mfuu yakuti mphamvu ku anthu. Mu 2003 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la kagulidwe ka katundu ndi ntchito za boma. Central Tender Board inatha, ndipo unduna uliwonse ndi khonsolo iliyonse inakhala ndi komiti yakeyake yogula zinthu, pansi pa diso la ofesi ya ODPP. Apa ndi pamene mawu akuti tenda analowa m'kamwa mwa anthu wamba a kumaboma. Chichewa chili ndi nthabwala zake: tenda zikachuluka timazitchula ndi mawu omwe timatchulira zowawa za m'thupi, ndipo amene anatopa ndi kuthamangitsa mapepala amati dzinalo silinalakwike.

Chodabwitsa ndi chakuti mphamvu zogula zitangofika kukhonsolo, oyang'anira khonsoloyo anachoka. Makhansala amene anasankhidwa mu November 2000 anamaliza nthawi yawo mu 2005, ndipo chisankho china cha makhansala sichinachitike mpaka May 2014. Zaka zisanu ndi zinayi zathunthu makhonsolo ankapereka makontilakiti popanda nthumwi zosankhidwa kuti ziwafunse. M'mpata womwewo, mu 2006, linabadwa thumba la CDF, la chitukuko cha m'dera la phungu, ndipo mu 2010 lamulo linasinthidwa kuti aphungu akhale ndi voti m'khonsolo. Pamapepala, ndalama za CDF ndi za khonsolo, ndipo ntchito zake zimayenera kuchokera kumakomiti a VDC ndi ADC. Koma pakamwa pa anthu zinasanduka ndalama za abwana phungu, ndipo malipoti a mkulu wofufuza za chuma cha boma akhala akudandaula chaka ndi chaka za ndalama zolipidwa m'makhonsolo ambiri popanda mapepala oziikira umboni, ndi zipangizo zogulidwa koma zosalembedwa m'kaundula wa mosungira katundu. MASAF nayo inasintha maonekedwe: inalowa m'thumba la LDF, limene pambuyo pake linaphatikizidwa ndi bungwe la NLGFC, ndipo pang'ono ndi pang'ono cheke chinachoka m'manja mwa komiti ya m'mudzi kubwerera kuofesi.

Za Cashgate sitichulutsapo mawu, pakuti aliyense akuikumbukira. Paul Mphwiyo, mkulu wa bajeti, ataomberedwa mu September 2013, kafukufuku wa kampani ya Baker Tilly anapeza kuti pafupifupi K24 biliyoni inatuluka m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, yambiri mwa iyo kupita kumakampani amene sanapereke katundu aliyense kapena kugwira ntchito iliyonse. Chinali chilonda chomwe chija cha 2000, koma chitakula.

Lamulo la 2017 linalowa m'malo mwa la 2003 ndi kukhazikitsa bungwe la PPDA. Ndondomeko imene linalimbikitsa, pongoiwerenga, ndi yabwino. Khonsolo imakonza dongosolo la zogula za chaka chonse. Pazinthu zing'onozing'ono imaitanitsa makotesheni osachepera atatu; pantchito zazikulu imalengeza m'nyuzipepala, ndipo maenivelopu amatsegulidwa poyera, opikisana ali pomwepo. Kagulu ka akatswiri kamaunika, komiti yogula zinthu imavomereza, ndipo ntchito ikapyola mlingo wina wa ndalama pamafunika chilolezo cha PPDA. Kontilakita salandira ndalama zonse nthawi imodzi: amalipidwa m'zigawo, mkulu wa zomangamanga wa khonsolo akasaina satifiketi yoti gawo lakutilakuti latha, ndipo kandalama kena kamasungidwa mpaka patapita miyezi, kuti khoma likang'aluka abwere adzakonze. Lamulo lomwelo linanena kuti magawo 60 pa 100 alionse a ntchito zopikisanirana m'dziko muno azipita kwa Amalawi akuda, mbadwa za dziko lino, mfundo imene inadzutsa mtsutso pakati pa amalonda a mitundu yosiyanasiyana amene onse ali nzika. Mu 2020 linatuluka lamulo lina laling'ono lopereka mwayi wapadera kwa mabizinesi ang'onoang'ono ndi apakati, kuphatikizapo a amayi, achinyamata ndi anthu olumala.

Tsono mwayi ulipo, ndipo sitiyenera kuunyoza. Koma tiyeni tiuone ndi maso a mmisiri wa pa Nathenje amene wamanga nyumba zaka makumi awiri. Kuti apikisane nawo, ayenera kulembetsa bizinesi yake, kukhala ndi nambala ya msonkho ndi chikalata cha MRA chosonyeza kuti alibe ngongole, kulembetsa ku PPDA, kulembetsa kubungwe loyang'anira makontilakita ndi kumalipira chaka ndi chaka, kukhala ndi akaunti ya bizinesi, ndi kudzaza mpukutu wa mapepala a Chingerezi chovuta. Akapambana, ayenera kuyamba ntchito ndi ndalama zake kapena za ngongole, ndi kudikira malipiro amene nthawi zambiri amachedwa. Ambiri amalephera pakhomo pomwe. Amene amalowa ndi munthu wodziwa mapepala, uja timamutcha kontilakita wa m'chikwama, wopanda ngakhale wilibala, amene akapata ntchito amabwera kudzalemba mmisiri yemwe uja pamtengo wotsika. Motero manja omanga ndi omwe aja a nthawi ya MASAF, koma pakati pa manjawo ndi ndalama palowa munthu wina, ndipo phindu lake limachokera m'matumba a simenti amene sanalowe m'khoma. Mmisiri akauzidwa kuti thumba limodzi likwanire pamene pafunika awiri, amadziwa kuti akulakwa, koma womulipira si mudzi ayi.

Tisaweruze makontilakita onse ndi muyeso umodzi. Ena anasiya ntchito panjira chifukwa chuma chinawagwetsa. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023. Munthu amene anasaina kontilakiti mitengo isanakwere, nalandira malipiro ake itakwera, anapezeka kuti ndalama za denga zathera pa khoma. Lamulo la 2018 loletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma linateteza mitengo, ndipo linafunikadi, koma linachotsanso gawo limene mudzi unkaikapo thukuta lake. Anthu amene anaumba njerwa 50,000 ndi manja awo sangalole kuti wina aziwononge. Anthu amene angoona lole ikutsitsa mabuloko a simenti amaonerera ngati za eni. Mwina ichi ndi chifukwa chake midadada yosatha imakhala zaka popanda wokwiya nayo mokwanira.

Zaka zaposachedwapa ndalama zopita kumakhonsolo zakula kwambiri. Mu 2020 World Bank inavomereza madola 100 miliyoni a pulojekiti ya GESD, imene inakonzedwa kuti izipereka ndalama za chitukuko kumakhonsolo a maboma molingana ndi mmene akhozera pa kuunika kwa chaka ndi chaka, ndipo kagulidwe ka zinthu ndi kamalizidwe ka ntchito ndi zina mwa zimene amaunika. Khonsolo yosasunga bwino mabuku imataya ndalama, kutanthauza kuti ulesi wa muofesi umalipidwa ndi mwana wa m'dera la Chadza kapena la Chiseka amene kalasi yake sinamangidwe. Thumba la CDF nalo linakwera kufika pa K100 miliyoni pa dera lililonse mu 2022, kenako K200 miliyoni mu 2024. Ndipo mu May 2025, pamlandu umene linabweretsa bungwe la makhonsolo la MALGA, bwalo lalikulu la milandu linagamula kuti kutenga mbali kwa aphungu pa kayendetsedwe ka CDF, komanso kuvota kwawo m'makhonsolo, n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko, pakuti wopanga malamulo ndi kuyang'anira boma sangakhalenso wogwira ntchito imene akuiyang'anira.

Chigamulocho chinayankha mbali ya funso loyamba, la wosankha womanga. Funso lachiwiri lidakali pomwe linali. Satifiketi yoti ntchito yatha imasainidwa ndi ogwira ntchito kukhonsolo, ndipo boma la Lilongwe ndi lalikulu, la anthu oposa 1.6 miliyoni kunja kwa mzinda malinga ndi kalembera wa 2018, pamene akatswiri oyendera ntchito ndi owerengeka ndipo mafuta a galimoto sapezeka nthawi zonse. Makomiti a m'madera a Malili, Kalumba, Masula ndi ena amaitanidwa pa tsiku lopereka malo kwa kontilakita ndi pa tsiku lolandira nyumba, koma masiku a pakatipo, pamene maziko akukumbidwa ndi simenti ikusakanizidwa, kawirikawiri sadziwa chimene ayenera kuyang'ana, chifukwa sanaonepo mndandanda wa zipangizo ndi mitengo yake, umene amisiri amautchula kuti BOQ. M'menemo ndi mmene mwalembedwa kuya kwa maziko, kuchindikala kwa malata, ndi kuchuluka kwa simenti pa gawo lililonse la nyumba. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani m'maofesi a boma, limene linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, limalola munthu aliyense kulemba kalata yopempha chikalata chotere. Kalatayo safuna kuti ilembedwe ndi loya, ndipo mlembi wa ADC kapena wa komiti ya sukulu akhoza kuilemba ndi kukaipereka yekha kuofesi ya khonsolo m'tauni, ulendo wa minibasi imodzi kuchokera pa Mitundu.